Timithenga ta Nthata ndi Maliro a Njiri

Padangokhala, ndipo amene muli pafupi vomerani kuti tili limodzi.

Chaka chimene nyama zinamanga nyumba kuseri kwa mwezi, nyumbayo inabooka, mpweya unayamba kutuluka, ndipo uthenga umene unafika pansi pano unali wakuti onse ali bwino. Ena pofotokoza nkhaniyi amaikamo ziwanda ndi nyenyezi zogwa. Zimenezo kunalibe. Kunali kabowo kosalowa n'chala chomwe, ndi ulemu wathu uja.

M'nyumbamo munali atatu. A Njiri anali kaputeni. Anawasankha chifukwa amagwira ntchito chogwada, ndipo akuluakulu amakonda wogwada. Kanyimbi anali makaniko. Dzina lake litatchulidwa kuti ndiye apite kutali, nyama zonse zinavomera popanda wotsutsa, chinthu chimene sichinachitikepo pamsonkhano wina uliwonse. Wachitatu anali Nthata, amene ankakhala kuseri kwa khutu la a Njiri, ndipo udindo wake unali Katswiri Wamkulu wa Mauthenga.

Udindowu anaupeza chonchi. Kuseri kwa mwezi mawu a wailesi safika kuno. Kuti uthenga uyende, unkayenera kuchoka pa kompyuta ya m'nyumba, kupita pa ya m'ngolo yoyenda yokha panja, kukwera pa ya m'chombo chaching'ono chozungulira mwezi, kutsikira pa ya pamlongoti wa kuno, kenaka pa ya patebulo la a Mvuu, wapampando wa Bungwe la Zakumwamba. Vuto linali lakuti makinawa sankaonana nthawi zonse. Ngolo ikapezeka, chozungulira chapita. Chozungulira chikabwera, mlongoti watembenukira kwina. Pamsonkhano ena anati akoke chingwe, ena anati ingokhala nkhani yofuula kwambiri. Nthata anakwera pamwamba pa chimkuzamawu.

"A Wapampando, ife a mtundu wathu sitinayendepo ulendo ndi chingwe. Umakwera galu. Galu akagona, umadikira. Mbuzi ikadutsa, umadumphira pa mbuzi, kamtolo kako kali kumutu. Mbuzi sidziwa kumene ukupita, koma umafika."

"Ndiye titumize nthata kumwezi?" anafunsa a Mvuu.

"Ayi, bwana, ife tili ndi mabanja. Tipange timithenga topanda thupi, tokhala m'makina. Kalikonse kazisenza ntchito yake ndi kukumbukira kumene kadutsa. Njira ikaduka kazidikira pamene kali, ikatseguka kazidumphira pa kompyuta ina."

Nzeruyo inali yabwino, ndipo tisamuchotsere. Tsiku loyesa, kamthenga koyamba anakatuma kukaona ngati chombo chachikulu chinganyamuke. Nthawi imeneyo a Mvuu ankafuna kupita nawo. Kamthenga kanapita, kanabwera, kanayankhula pamaso pa onse kuti: "Chombo sichinyamuka. A Mvuu achulukitsa thupi."



A Nungu, amene anali mkulu wa mwambo ndi ulemu m'bungwemo, anaimika minga yonse. "Mwana wa yani ameneyu? Walowa wopanda odi, wayankhula chiimirire, ndipo watchula thupi la akulu ngati akugula nyama pamsika."

Nthata akanatha kunena kuti kamthengako kanena zoona. Koma anaona udindo ukuterereka ngati sopo.

"Pepani, akuluakulu, n'kamwana. Sikanavinidwe. Tipatseni mwambo tikalange."

A Nungu anakhala pansi n'kuyamba kulakatula mwambo wonse wa mthenga, kuyambira kumutu mpaka kumchira, Nthata akuika m'makina. Mthenga aodire, adikire kuyankhidwa. Apereke malonje. Akafunsidwa kuti wasiyako bwanji, ayambe n'kunena kuti kuli bwino. Mawu olemera awapepuze asanawatule kwa wamkulu. Pakhomo apatse njira amene ali wamkulu kwa iye. Pa kompyuta iliyonse anaikapo mlonda wobweza mthenga wopanda khalidwe, ndipo kiyi wa alondawo anasunga a Nungu.

Atayesanso, kamthenga kanabwera kakuwomba m'manja, n'kunena kuti chombo chikupereka moni, ndipo chaona kuti dziko silingathe kukhala popanda a Wapampando ngakhale tsiku limodzi. A Mvuu anagwedeza mutu, anati n'zoonadi, ndipo anatsala. Nthata analandira udindo.

Za kupita kumwezi iye analibe nazo maganizo. Anakwera pakhutu la a Njiri kuti aoneke nawo pazithunzi, akuti pakhomo la chombo adumphire pa mmodzi wa operekeza. Ali mkati mosankha wonenepa, chisoti chagalasi chinatsekedwa.

Tsopano tibwerere ku kabowo. Anayamba kukazindikira ndi Kanyimbi.

"A Kaputeni, muvi woonetsa mpweya wotsala ukutsika."

"Mata."

"Ndamata. Phula likuchedwetsa chabe. Mng'alu uli mkati mwa khoma, kofunika kuphwasula nyumba yonse."

A Njiri anakanda kukhutu. "Iwe Katswiri, uli maso?"

"Ndili pantchito, bwana."

"Pantchito pake pondiyamwa ine. Tuma kamwana kako kakanene kuti atumize chombo."

Nthata anatsika monyada. Mantha analibe kwenikweni, chifukwa nthata imapuma pang'ono. Koma ali m'njira yopita pa kompyuta anawerengera bwino. Kwawo galu akafa, umasamukira pa galu wina. Kuno a Njiri akafa, wotsala ndi Kanyimbi, ndipo nayenso adzafa tsiku lomwelo. Kunja kwa khoma kunalibe chamoyo chilichonse chodumphirapo. Anafulumira.

Anasenzetsa kamthenga mawu akuti: nyumba yabooka, mpweya ukutha, tumizani chombo. Pokatulutsa anayimba nyimbo yake, imene anaipeka masiku a ulemerero. Inali nyimbo yodzitama, yonena za mlendo amene amawoloka mtsinje osanyowa mapazi, amene amadya m'munda umene sanalime, ndipo kumapeto inkauza kamthenga kuti kathamange poti galu sadikira wokwera. Kanyimbi ankavomera kumapetoko akuwomba m'manja, a Njiri akugunda pansi ndi chiboda.

Kamthenga kanafika pangolo.

"Odi."

"Odini. Fikani. Mwasiyako bwanji kunyumba?"

"Kuli bwino, kaya kuno?"

"Kuno kuli bwino. Malonje?"

Kanafotokoza kuti kanyamuka pa kompyuta ya m'nyumba, kadutsa pawaya, sikanakumane ndi chovuta m'njira. Kenaka, poti ngolo inali yaikulu kwa iko, kanapepuza mawu: nyumba ili ndi kabowo, mpweya ukucheperako, chombo chitabwera zingakhale bwino. Kanadikira mpaka chozungulira chinatulukira, kanadumphira. Kumeneko kanaodiranso, kanaperekanso malonje, n'kunena kuti m'nyumba mukudutsa kamphepo, ndipo akulakalaka kuona chombo. Pamlongoti kanati kukuzizira pang'ono, anthu akusowa kwawo. Patebulo la a Mvuu kanagwada.

"Onse ali bwino, bwana. Akupereka moni. Kungoti kamphepo."

Yankho linabwera msanga, chifukwa mawu ochokera kwa akulu kutsikira kwa ana mwambo sunena kuti apepuzidwe. A Mvuu anati athokoza, ndipo avale majuzi.

A Njiri anamvetsera yankholo kawiri. "Iwe Nthata, majuzi ndi mpweya?"

"Mwina mawu athu anachepa mphamvu, bwana. Akamapepuka m'njira, ndiye tiwasenzetse olemera kwambiri kuti akafike ndi kanthu."

Ulendo wachiwiri anati: mpweya waipa, tikukomoka, tikufa. Nyimbo anaiyimbanso, koma ndime ya munda wosalima anaidumpha, ndipo Kanyimbi anavomera osawomba m'manja. Kamthenga kanaodira pangolo, kanaodira pachozungulira, kanaodira pamlongoti. Kufa kunasanduka kudwala, kudwala kunasanduka kufooka, kufooka kunasanduka kutopa. Patebulo kanatula mawu akuti onse ali bwino, atopako pang'ono, ndipo m'nyumba muli kampweya kena kosakhala bwino.

Akuti a Mvuu anaseka mpaka misozi. Izi ndikuzikhulupirira, chifukwa yankho lake lilipo: apumule mokwanira, ndipo Kanyimbi achepetse nyemba.

Kanyimbi anati, "Moyo wanga wonse andinamizira mpweya. Lero mpweya ukuthawa wokha, mlandu ndi wanga ndithu."

"Konza ana akowa," anatero a Njiri. "Achotse ulemu."

"Ndingawachotse, bwana, koma mlonda wa pangolo akawabweza. Kiyi ali ndi a Nungu."

"Pempha kiyiyo."

"Ndipempha kudzera mwa yani?"

A Njiri anagona cham'mbali kuti asawononge mpweya.

Nthata anaganiza kuti pamene mmodzi walephera, gulu lingathe. Khamu likafika pakhomo nthawi imodzi likunena chinthu chimodzi, ngakhale wogontha amadzuka. Anapanga timithenga tambirimbiri, tonse ndi mawu omwewo, n'kutitulutsa pamodzi. Atayamba nyimbo, a Njiri anati aimbe chamumtima, mpweya si wa makolasi. Anaing'ung'udza yekha, mawu omaliza okha onena za galu, popanda wovomera.

Timithenga tinadutsa pangolo bwinobwino. Pachozungulira khomo linali lolowa mmodzi.

"Tsogolani, achimwene, munapangidwa ndinu poyamba."

"Iyayi, tsogolani inu, mtolo wanu ndi waukulu."

"Sindingayerekeze. Pali akulu kumbuyoku."

"Ife ndife ana. Lowani."

Chozungulira chinapita, chinabwera, chinapitanso. Palibe kamene kanalowa. Timithenga tija tinadzaza khomo, tikuwerama, moti ngakhale moni wamasiku onse sanathenso kudutsa. Pansi pano a Nungu anauza a Mvuu kuti kukhala chete kumeneku ndiye chizindikiro chakuti zinthu zili m'malo mwake, poti mwana wokhuta salira.

M'nyumba muja muvi unali utatsika kwambiri. Kanyimbi ankayenda chogwira khoma. Magazi a a Njiri anayamba kuzizira, ndipo Nthata, amene ankadziwa kukoma kwake kuposa mwini wake, anazindikira kuti nthawi yatha. Anakhala pansonga ya khutu n'kuyamba kubwereza mwambo wa a Nungu m'mutu, mzere ndi mzere, kufuna pobowoka. Tsiku lija ankangoika m'makina osamvetsera, maganizo ali pa udindo. Tsopano anamvetsera. Cha kumapeto, pamene onse anali atayamba kusinza, a Nungu ananenapo za mthenga mmodzi amene sapereka malonje, safunsidwa kuti wasiyako bwanji, ndipo aliyense amamupatukira.

"A Kaputeni."

"Nchiyani?"

"Mudamuonapo munthu kwathu atapeza galimoto yopita nayo kuchipatala?"

"Amati mafuta palibe."

"Nanga akamwalira?"

A Njiri anatsegula diso limodzi. "Galimoto zimachita kulimbirana."

"Ndi zomwezo, bwana. Ngakhale uthenga wathu ukanafika wathunthu, a Mvuu akanaitanitsa komiti, komiti ikanasankha kakomiti. Koma mtembo sugona kuchilendo. Chombo chimene sichinganyamuke kudzatenga odwala chinyamuka lero lomwe kudzatenga maliro. Ndipo mthenga wa zovuta alonda onse amamutsegulira."

Kanyimbi anakhala tsonga. "Ndiye afe ndani?"

Onse anayang'anana.

"Ufe iweyo," anatero a Njiri. "Nzeru ndi yako."

"Ndikanakonda, bwana. Koma maliro a nthata amathera pachikhadabo. Angonena kuti pepani, n'kupitiriza tiyi."

"Ndiye Kanyimbi."

"Ine musavutike nane," anatero Kanyimbi. "Akangomva adzati muikeni konko, ndipo mukwirire kwambiri."

Onse awiri anatembenukira kwa a Njiri.

"Ine ndili ndi mkazi," anatero a Njiri. "Ndili ndi abale. Mukuwadziwa abale anga? Uthenga ukafika m'mawa, pofika masana malata a nyumba yanga ali pangolo."

"Malata mudzagula ena, bwana."

"Adzamumeta mkazi wanga."

"Tsitsi limamera."

"Nanga ndikakafika wamoyo ndikanena chiyani?"

"Funso limenelo ndi labwino, bwana, chifukwa amalifunsa ndi amoyo okha. Mukakana, mufabe madzulo ano, kungoti popanda wodzakutengani."

A Njiri anapuma kawiri, movutikira. "Unene kuti ndinafa ndili pantchito."

"Chogwada, bwana."

"Usaonjezere."

Nthata anapanga kamthenga kamodzi, n'kukasenzetsa mawu ochepa: kwagwa zovuta, a Njiri atisiya. Nyimbo ija anaiyimba komaliza, mawu omwewo a mlendo wosanyowa mapazi, koma anaikokera pang'onopang'ono m'mayimbidwe a pasiwa. Kanyimbi anavomera ndi mawu apansi. A Njiri, amene anali ataletsa kuimba, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti pamaliro a kaputeni pamayenera nyimbo yabwinopo.

Kamthenga kanafika pangolo, kanaima chapatali osaodira. Mlonda anangokaona n'kutsegula. Pachozungulira khamu lija, limene linali likupatsanabe njira, linagawikana pakati, onse mitu pansi. Pamlongoti sikanakhale n'pansi pomwe. Patebulo la a Mvuu kanatula mawu monga momwe kanawasenzera, osachotsapo ngakhale limodzi. Chiyambire kuvinidwa kwa timithenga, uwu unali uthenga woyamba kufika wathunthu, ndipo unali wabodza.

Zimene zinachitika pansi pano sizifuna kukometsera. Mafuta anapezeka. Kiyi wa chombo, amene ankati ali ndi wina amene wapita kumudzi, anapezeka m'thumba la a Nungu. Akalipentala anakhoma bokosi la mlombwa osafunsa kuti alipira ndani. A Mvuu analira pawailesi, nati dziko lataya mwana amene iwo ankamuganizira usana ndi usiku. Dzuwa lisanapendeke chombo chinali m'mwamba.

Chinafika muvi utagona pansi. Woyamba kulowa m'nyumba anali Fisi, mkulu wa adzukulu, atanyamula nsalu yoyera. Chitseko chitatseguka, mpweya wa m'chombo unalowa, ndipo Nthata anamva khutu limene anakhalapo likuyamba kufunda.

Fisi anayang'ana uku ndi uku. "Pepani nonse. Thupi lili kuti?"

"Ndi ili," anatero Kanyimbi, akuloza.

Thupi linayetsemula.

Fisi anabwerera m'mbuyo pang'ono, koma sanathawe, poti ntchito yake inamuzoloweretsa zambiri. Anaweramira a Njiri, anawanunkhiza.

"Akulu, mwafa kapena simunafe?"

"Ndinatsala pang'ono."

"Pang'ono bwanji? Chifukwa ngati ndi pang'ono kwenikweni, ife tikhoza kudikira."

Nthata anatulukira pansonga ya khutu. "Achimwene a Fisi, nkhani yake ndi yaitali, tikakamba m'njira. Tiyeni tikwere."

"Mukwere pati? Mipando yadzaza ndi akwaya. Ife tadzera maliro, malo a amoyo sitinakonze. Ndiponso bokosi silibwerera lopanda kanthu, n'kulaula mudzi. Mukufuna likafike kumudzi likusaka wolowamo?"

"Silibwerera lopanda kanthu," anatero Nthata. "A Kaputeni, lowani."

"Ine?"

"Ndi lanu, bwana. Anakuyezani pachithunzi. Ndiponso m'chombo monse malo ogona ndi amenewa okha."

A Njiri anayang'ana bokosi, anayang'ana muvi wa mpweya, analowa. Anati m'mapewa mwathina. Fisi anati eni mabokosi sadandaula, ndipo asayambitse mwambo wachilendo. Anagwirizana kuti chivundikiro achisiye chotsegula pang'ono.

Kanyimbi sanapemphe malo kwa aliyense. Analowa m'chombo, anaima pakati pa akwaya, n'kukweza mchira pang'ono ngati akudziwongola. Benchi lonse lakutsogolo linapezeka lopanda munthu.

Ali m'njira, a Njiri anagogoda m'bokosi. "Iwe Nthata, tuma kamwana kakanene kuti ndili moyo, asanayambe kugawana mbuzi zanga."

Nthata anatuma. Koma uwu sunali uthenga wa zovuta, choncho kamthenga kanaodira, kanapereka malonje, ndipo patebulo kananena kuti a Njiri ali bwino, akubwera, agona mwamtendere. A Mvuu anapukuta msozi, nati n'zoona, kumene ali tsopano kulibe zowawa.

Chombo chinatera anthu atadzaza bwalo. Adzukulu anatsitsa bokosi, akwaya akuimba motsitsa, poti iwo ankadziwa zimene zili mkatimo koma sanaone mpata wabwino wonenera. A Mvuu anaimirira ndi mapepala. Atafika pa mawu akuti malemuwa anali odzichepetsa, malemu anakankha chivundikiro n'kupempha madzi akumwa.

Amene amati bwalo lonse linathawa amanama. Anathawa ndi a kutsogolo okha, ndi achimwene awo a a Njiri, amene anali atavala kale jekete la malemu. Mkazi wa a Njiri, mutu uli mbee, anayandikira, anawagwira mphuno kuona ngati ikutentha, n'kunena kuti akambirana kunyumba. Otsalawo anakhumudwa mwaulemu. Ng'ombe inali itaphedwa, manda atakumbidwa, ena atachokera kutali. A Mvuu anafunsa a Nungu ngati mwambo ukulola kusiya mawu pakati. A Nungu anati sulola. Choncho anawerenga mpaka kumapeto, a Njiri atakhala m'bokosi ndi kapu m'manja, akumva kwa nthawi yoyamba kuti bungwe linkawakonda.

Komiti inakhala pansi kufufuza. Inaitana timithenga tonse, ndipo poti kalikonse kamakumbukira kumene kadutsa, tinafotokoza zonse: odi aliyense, malonje alionse, mawu alionse monga anapepukira. A Nungu anamvetsera mokhutira, nati sanaonepo ana olangidwa bwino chonchi. Za kabowo anati a kumweziwo akanatha kunena momveka.  Mlandu unagwera a Njiri, chifukwa cholengeza chinthu chimene sanachite.

"Nanga amene anapeka bodzali ndani?" anafunsa a Mvuu.

A Njiri anakanda kukhutu kuti amutulutse. Kunalibe. Nthata anali atadumphira pa Fisi pamene ankatsitsa bokosi, kuchoka pa Fisi anapita pa mayi wina wa kwaya, ndipo pamene komiti inkamufuna anali atakhazikika pamsana pa a Nungu, pakati pa minga, pamene mwini wake sangakande ndipo wina sangayerekeze kupisapo dzanja. Anayankha ali momwemo.

"A Wapampando, ine ndinapanga timithenga tonena zoona, munati n'topanda khalidwe. Ndinatiphunzitsa khalidwe, tinatsala pang'ono kundipha ine ndemwe. Ngati pali chitsiru pankhaniyi, ndi amene anavomera zonse ziwiri, ndipo ameneyo ndikumudziwa, sindimutchula poti ndi katswiri wamkulu."

A Mvuu anati mawuwo ndi aulemu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Wina anafunsa ngati mwambo wa timithenga usinthidwe. A Mvuu anati funsolo ndi lofunika, alipereke ku kakomiti.

Nyumba ya kuseri kwa mwezi anaikonza, ndipo nyama zikupitabe kumeneko mosinthana. Timithenga tikuodirabe pa kompyuta iliyonse. A Njiri ali moyo, amakhala m'nyumba yofolera udzu, ndipo m'makina a bungwe ndi malemu. Amene ali kumwezi akafuna sipanala, mankhwala a mutu kapena mchere, amachita maere kuti afe ndani, ndipo chombo chimafika tsiku lomwelo ndi bokosi.